Tsiku Limene Sindinatsike Panjinga

Mitundu,
Lachisanu masana.

Tamanda mwana wanga,

Lero ndaweruka msanga kuti ndilembe kalatayi iwe ndi amayi ako muli kuchigayo. Ndikakuona pamaso ndimayamba kulankhula zina: za neti, za madzi akumwa, za kusakwera minibasi ya matayala akutha. Umandidziwa. Zimenezo ndakuuza kokwanira, mwina kopitirira. Mawa ukupita ku Zomba kukaphunzira unamwino, ndipo pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna kuti uchoke nacho mmene chililimu.

Lachiwiri titatha kudya ndinapemphera monga mwa masiku onse. Ndinapempherera ulendo wako, ndinatchula ngozi za pamsewu, akuba a m'madepoti, malungo, anzako oipa, mayeso. Nditati ameni unati, "Adadi, inu mukapemphera ine ndimachita mantha kuposa mmene ndinalili musanapemphere." Amayi ako anati, "Iwe Tamanda, pakamwapo!" Koma unapitiriza, mwaulemu ndithu, maso ali pansi: "Mulungu wanu amakhala ngati amayenda ndi cholembera chofiira, kufunafuna pamene munthu walakwitsa. Ine ndatopa naye. Ndikakafika kukoleji ndikapumako kaye zakutchalitchi."

Sindinakuyankhe, ndipo mwina unaganiza kuti ndakwiya. Sindinakwiye. Ndikukuthokoza, chifukwa ana ambiri amangochoka osanena, makolo n'kudzadziwa patapita zaka. Kwa masiku atatu mawu akowa akhala akundizungulira m'mutu, ndipo ndaona kuti sunaname. Mulungu wa cholembera chofiira uja ndinakuonetsa ndine. Chimene ndikuopa tsopano n'chakuti ungataye Mulungu weniweni pothawa nkhawa za bambo ako. Ndiye mvera, mwana wanga, ndikuuze mmene ndinalakwira, mwina uone kusiyana kwake.

Ndinatuluka kukoleji ya zaulimi ndili ndi chingwe cha mfundo m'thumba, tepi yoyezera ndi kabuku kolembamo chilichonse. Anatiphunzitsa kuti mzere ndi mzere zitalikirane motere, phando ndi phando motere, mbewu imodzi paphando, fetereza pa tsiku lake. Zimenezi n'zoona ndipo ndimaphunzitsabe alimi mpaka lero. Kulakwa kwanga kunali kuganiza kuti moyo wonse umayenda choncho, ndi Mulungu yemwe: ukayeza bwino palibe choipa chingakugwere, ndipo choipa chikagwa ndiye kuti pali pamene sunayeze. Kutchalitchi ndinkafika belu lisanalire, koma m'malo momvera ulaliki ndinkaona amene akulowa mochedwa. Ndikapatsidwa pemphero la Lamlungu ndinkalilemba papepala Lachinayi, n'kulikonza Lachisanu. Ndinkati kumeneko ndiko kuopa Mulungu.

Unali ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo pamene tinkakhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika wa Nathenje. M'mudzi wina kum'mawa kwa msewu waukulu ndinali ndi munda wachitsanzo, woti alimi aziphunzirapo kabzalidwe katsopano. Mwini munda anali a Lufeyo, bambo wofatsa, wa mpingo wina osati wathu, amene sankandilola kuchoka pakhomo pawo wopanda nzimbe kapena nthochi. Akuluakulu a kuofesi anali atanena kuti adzabwera kudzaona mundawo chimanga chikangomera, ndipo ine ndinkafuna adzapeze mizere yomera tsiku limodzi, yoima ngati asilikali. Mvula yobzalira inagwa Lolemba. Lachiwiri m'mawa kabotolo kanga koyezera mvula kanaonetsa kuti nthaka yakhuta. Ndinamangirira thumba la mbewu panjinga yamoto n'kunyamuka tiyi osamaliza. Masiku amenewo mafoni anali asanafike m'midzi, choncho sindinkadziwa chimene chagwa kumeneko.

Ndisanalowe m'mudzimo ndinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu. Mwana aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake: m'mudzi muli maliro, wapanjinga atsike, wachipewa avule, wagalimoto ayende pang'onopang'ono mpaka akadutse masamba achiwiri kutsogolo. Patsogolo panga panali bambo wina wa makala, matumba atatu panjinga yakapalasa, atatsika, akukankha m'matope, chipewa chili m'khwapa. Ine ndinayang'ana wotchi. Ndinawerengera kuti kukankha njinga yamoto kudutsa mudzi wonse kundidyera theka la ola, dzuwa likwera, chinyezi chiyamba kuthawa. Ndinachepetsa moto pang'ono kuti mtima usanditsutse kwambiri, n'kudutsa injini ikulira, helemeti ili kumutu. Bambo wa makala uja ndinamuthira matope. Kudzanja lamanja ndinamva amayi akulira, koma sindinacheuke kuti ndione kuti ndi nyumba ya yani.

Kumunda ndinapeza kulibe munthu. Ndinakwiya, Tamanda. Ndinati anthu awa tinapangana kuti mvula ikangogwa tikumane pano, nanga ali kuti? Mutu wanga wophunzirawu sunalumikize zinthu ziwiri zimene ndinakula ndikuzidziwa: kuti m'mudzi mukakhala mtembo palibe amene amagwira khasu kumunda, ndipo mlendo sayamba ntchito m'munda wa mudzi wolira. Ndinavula nsapato, ndinakoka chingwe changa, ndinathyola kamtengo n'kuyamba kuboola mapando ndekha. Ndinabzala mizere inayi, mtima ukundiuza kuti ndine munthu wokhulupirika pa ntchito.

Ndikuyamba mzere wachisanu, panatulukira adzukulu, amuna asanu amene ankakumba manda, makasu paphewa, matope mpaka m'mawondo. Anaima m'malire mwa munda n'kumandiyang'ana.

"Zikomo alangizi," anatero wamkulu wawo. "Ntchito ikuyenda?"

"Ikanayenda mukanabwera pa nthawi yake," ndinayankha osadzutsa mutu.

Wina anaseka, kuseka kosakoma. "Tamverani abale. Ife m'mawa wonse takumba dzenje limodzi lokha. Abwanawa akumba mazana angati?"

"Kodi alangizi," anatero wina, "kukoleji kwanuko anakuuzani kuti masamba a pamsewu timayalira mbuzi?"

Wamkulu uja anawaletsa ndi dzanja. Anandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu, "Mwini munda mwaimamowu mukudziwa ali kuti?" Ndinati ayi. Anati, "Ali pakhonde, akudikira bokosi la mwana wawo. Nyumba imene mwaidutsa ndi chinjinga chanucho ndi yawo."

Anazula kiyi panjinga n'kunena kuti tiyeni mukafotokoze nokha. Njinga ija ndinaikankha tsopano, wopanda nsapato, mtunda wautali kuposa umene ndinaukana m'mawa. Titafika pasiwa amuna anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo nkhani yanga inali itafika kale. Ena ankati alipe mbuzi, ena ankati kuofesi kwawo adziwe, ena ankati munda wachitsanzowo uthere pomwepo. Onse ankanena zoona. Ndinaima pakati pawo, helemeti ili m'manja.

A Lufeyo anali pabenchi pakhonde, atavala jekete lawo la Lamlungu, maso ali psuu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anasendera kumapeto kwa benchi n'kugunda ndi dzanja pamalo pamene patsala. "Apatseni njira alangizi," anatero. "Abwera kumaliro awa, angochedwa kudziwa. Kiyi wawo abwezereni." Palibe amene anatsutsa namfedwa. Ndinakhala pambali pawo, phewa langa likukhudza lawo.

Mwanayo anali wamkazi, wa msinkhu wako. Anatentha thupi Lamlungu, Lolemba anatsirizika ali kumsana kwa amayi ake panjira yopita kuchipatala. Kumanda, maso anga ozolowera kuyeza anayeza bokosi lija osafuna, ndipo linali lofanana ndi kamphasa kamene unkagonapo iwe masana. Mkulu wa mpingo atamaliza kulalikira anapempha kuti munthu mmodzi atseke ndi pemphero. A Lufeyo anati, "Atitsekere alangizi." Anthu anang'ung'udza. Ine ndinalibe pepala. M'zikhadabo munali dothi la m'munda wawo. Ndinati, "Ambuye, tabwera," mawu n'kuthera pomwepo. Ndinayesanso: "Ambuye, ife sitidziwa kanthu. Inu ndinu Mulungu." Kenaka ndinalira pamaso pa mudzi wonse, kulira kwa mamina kwenikweni. A Lufeyo anati ameni mokweza, anthu n'kuvomera. Limenelo ndilo pemphero loyamba limene ndinapemphera m'moyo wanga, ngakhale ndinali nditabatizidwa kalekale.

Usaganize kuti ndikukuuza za chozizwitsa. Tinabzala patapita masiku asanu, chimanga chinabereka mwapakatikati, ndipo akuluakulu anandilembera kalata yondidzudzula chifukwa chochedwa kubzala. Ili m'faelo yanga mpaka lero. Mizere yanga inayi ija inamera patsogolo pa inzake, ndipo kwa milungu ingapo aliyense wodutsa ankaona pamene mlangizi anachitira manyazi. Nthawi yopalira ndinapita ndi nkhuku kukapepesa mwamwambo. Anailandira, mayi a kunyumbako anaiphika, tinadya tonse. Ndipamene ndinawafunsa a Lufeyo kuti mtima wopempherabe akuutenga kuti, mwana atapita choncho.

Anatsuka m'manja kaye, kenaka anati, "Alangizi, kabotolo kanu kaja koyezera mvula, munayamba mwagwetseramo dontho limodzi lochokera kumwamba?" Ndinati ayi. Anati, "Muziyeza ndithu, ifenso zimatithandiza. Koma mvulayo ili ndi mwini wake. Mwana wanga analinso ndi mwini wake. Musaganize kuti sindikulira. Ndikulira, amayi akewa mpaka pano akudya mokakamiza. Koma pamasamba paja sititsikira wakufayo, iye sakutiona. Timatsika chifukwa Mwini moyo wadutsa pamenepo."

Sunga mawu amenewa, Tamanda. Kuopa Mulungu si mantha a mwana amene wamva kuti aphunzitsi akubwera ndi chikwapu. Ndi ulemu wa munthu amene wazindikira kuti moyo ali nawowu si wake, ndipo waima kaye, wavula chipewa. Munthu wamantha amathamanga, ndipo ine ndinathamanga mpaka kudutsa maliro. Munthu woopa Mulungu amatha kuima. Za Yesu ndinkaimba kuyambira ku Sande sukulu, mayankho onse a m'kalasi la ubatizo ndinakhoza, koma ndinamumvetsa pabenchi ija: wolakwiridwa kusendera kuti wolakwa apeze pokhala. Mulungu ameneyo ndiye weniweni. Sanandidikire kuti ndikonze kaye zolakwa zanga. Anandipeza wopanda nsapato, wamatope, n'kundipatsa malo. Utandifunsa kuti tinabadwiranji, yankho langa ndi lomwelo: kuti timudziwe Mwini wathu, tilandire masiku athu mothokoza, ndipo tisenderere anzathu monga anatisenderera ife. Zina zonse, madigiri, ntchito, nyumba ya malata, n'zabwino, koma sizingakhale chifukwa chodzukira m'mawa.

Ukanayembekeza kuti munthu woona zimenezi asinthiratu. Sindinasinthiretu, ndipo iwe ndiwe mboni. Ukukumbukira uli Fomu 2, tsiku limene unatsogolera nyimbo ya kwaya kwa nthawi yoyamba m'tchalitchi cha kwathu kuno? Unaimba mpaka amayi achikulire anaimirira kululutira. Titatuluka unathamangira kwa ine, nkhope ikuwala, ndipo mawu anga oyamba anali akuti kolala ya bulauzi yako sinasitidwe bwino. Ndinaona kuwala kuja kukuzima. Panjira amayi ako anati, "Bambo a Tamanda, mpingo wonse wamva nyimbo, inu nokha mwamva kolala." Ndinaseka kuti nkhani ithe, koma sindinakupepese. Ndikupepesa lero. Tsiku limenelo Mulungu anadutsa pakhomo panga ndi mphatso, ine n'kudutsanso injini ikulira. Unaimba bwino, mwana wanga. Unaimba bwino kwambiri.

Zotere ndachita zambiri. Ukabwera ndi lipoti ndinkayamba kuona phunziro limene watsika. Ukachedwa kuchokera kumsika ndinkaima pamsewu ndi tochi dzuwa lisanalowe n'komwe. Ndinkati ndi chikondi, ndipo chinalidi chikondi, koma chosakaniza ndi kusakhulupirira. Ndinkapemphera ngati munthu wopereka malangizo kwa wantchito woiwalaiwala, kumukumbutsa Mulungu ngozi iliyonse kuti angaiphonye. Ndiye ukamati watopa naye, ndikumva. Inenso anandilemetsa. Koma kumbukira, mwana wanga, ameneyo si Mulungu, ndi bambo ako.

Ntchito imene ukukaphunzirayi ndi yoyezanso. Ukayeza kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, madontho a diripi, ndipo uziyeza mosamala, chifukwa moyo wa munthu udzadalira manambala akowo. Pamenepa tengera ine, usachite manyazi. Koma m'wodi mulibe amene adzakuyalire masamba. Udzayenera kuzindikira wekha kuti pabedi ili si pothamanga. Tsiku lina udzachita zonse molondola, wodwala n'kupitabe. Usadzafunefune pamene sunayeze mpaka kudzidwalitsa, monga ndikanachitira ine. Udzaime, udzagwire dzanja la mayi amene watsala, ndipo ngati mawu adzasowa, asowe. Tsiku lina udzalakwitsa ndithu, chifukwa ndiwe munthu. Udzavomere msanga kwa akuluakulu ako, usadzabise, ndipo udzadziwe kuti kwa Mulungu malo okhala alipo. Tsiku linanso mwana adzabadwira m'manja mwako n'kulira koyamba. Pameneponso udzaime kaye. Mwini moyo sadutsa pamaliro pokha.

Basi yako ikamadutsa pa Nathenje mawa, uyang'ane kumanzere, kupitirira ogulitsa tomato ndi anyezi. Mudzi wa a Lufeyo uli kuseri kwa mitengo ya bulugama imene ukaione pamenepo. Akalamba tsopano, maso akuvuta, koma amakufunsa nthawi zonse. Amati, "Mnzake wa mwana wanga uja wafika pati?" Mwezi watha nditawauza kuti wasankhidwa kukaphunzira unamwino, anakweza manja kumwamba n'kunena kuti ndiye kuti ana ena adzafika kuchipatala n'kubwerera kwawo. Munthu amene anaika mwana wake m'manda akuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wanga. Ine zimenezi sindizimvetsa ndi mutu, ndimangozilandira.

Ndikaona zaka zimenezi, chothokoza chimandichulukira kuposa chodandaula, ngakhale pakamwa panga sipamveka choncho. Ndikuthokoza chifukwa cha amayi ako, amene amagona tulo ngakhale mitambo ya ku Dzalanyama itakana kubwera, ndipo m'mawa amadzuka akuimba n'kukabzala mbatata. Ndikuthokoza kuti malungo aja anakugwira uli Sitandade 3 anakusiya, osati chifukwa ine ndinayeza bwino mankhwala, koma chifukwa cha chifundo chimene sindinachigwirire ntchito. Ndikuthokoza chifukwa cha alimi amene andipirira zaka zonsezi ndi chingwe changa. Ndikuthokoza kuti ndili ndi mwana wolimba mtima wotha kuuza bambo ake zoona pamaso. Pa zoipa zonse zimene ndakhala ndikuziopa usana ndi usiku, zambiri sizinabwere, ndipo zimene zinabwera sindinazisenze ndekha.

Tsopano ndikuuze chinthu chimene ngakhale amayi ako sakuchidziwa. Ku Zomba kuli mayi wina amene tinaphunzira naye limodzi kukoleji, wa mpingo wathu womwewu. Lachitatu m'mawa, mawu ako akundiwawabe, ndinamuimbira foni. Ndinamupempha kuti Lamlungu lililonse aziyang'ana ngati wabwera kutchalitchi, azifunsanso anzako za mayendedwe ako, n'kumanditumizira uthenga mwakachetechete. Anavomera monyinyirika. Kwa masiku awiri ndinamva mtima kukhala pansi, ngati munthu amene wamanga mpanda. Koma lero m'mawa ndikupita kuntchito ndinadzifunsa kuti, ukadzapita kutchalitchi chifukwa pali maso a bambo ako, udzakhala ukupembedza yani? Ndinaimika njinga pambali pa msewu n'kumuimbiranso. Ndinati zija tinakambirana zija zisiyeni. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Achimwene, kodi mwayamba kuchira?" Ndinati ndayamba kumwa mankhwala ake. Nambala yake ndikupatsa mawa, kuti ukadzasowa nyumba yodyerako nyemba za pakhomo udzamuimbire wekha. Iye sadzakufunafuna.

Choncho ukapita kutchalitchi, ine sindidzadziwa. Ukapanda kupita, sindidzadziwanso. Sindikunama, ndikudziwa kuti Lamlungu loyamba ndidzakhala pabenchi yanga ndikuyang'ana foni m'thumba. Koma sindidzakufunsa. Ngati ufuna kupuma, pumako kwa Mulungu wa nkhawa zanga, ameneyo umusiye konkuno, ndilimbane naye ndekha. Chimene ndikupempha n'chimodzi: tsiku limene mtima udzakuuze kuti uime, usadzayang'ane wotchi. Udzalankhule naye m'mawu ako, ngakhale atakhala awiri okha, ngakhale atakhala odandaula. Amamva.

Amene anakuumba ali kale ku Zomba. Anakusunga ine ndili m'tulo, anakusunga ine ndili kumidzi, ndipo sanasowepo womuthandiza kukuyang'anira. Ndikukupereka kwa Iye ndi manja awiri.

Pita bwino, Naphiri.

Ndine bambo ako okukonda.